Anandidzutsa ndi jakisoni, n'kukagonanso mu takisi: mankhwala ogonetsa abwino ndi ati?

Mlonda_Turffontein
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita makamaka kwa inu a zachipatala. Lachiwiri sabata yatha anandichotsa chotupa chamafuta paphewa, pa kachipatala kena kolipira mtauni muno mu Joni, kaja kochita opaleshoni munthu n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anandiika kasingano kuseri kwa dzanja n'kuthiramo mankhwala ooneka ngati madzi. Chomaliza chomwe ndikukumbuka ndi nesi akundifunsa kuti kwathu n'kuti. Kaya ndinayankha, kaya ayi. Ndinangozindikira ndili pampando, bandeji ili paphewa, malaya ndavala kale. Akuti ndinachedwa kudzuka ndiye anandibaya wina wodzutsa. Ndinadzukadi, maso gwa, ndinalipira ndekha, masitepe ndinatsika ndekha, mpaka kukakwera takisi.

Abale inu, anandidzutsa ndi dalaivala tili pa renki mtauni momwemo. Takisi inapita ku Turffontein, anthu anatsika, ena anakwera, inabwerera, ine ndili chigonere mpando wakumbuyo, dovu lili pakolala. Foni inapulumuka chifukwa ndimaika mu sokosi, koma kajumbo ka mapiritsi ndi kapepala ka malangizo zinapita. Tsono mwezi wamawa akachotsa china chapamsana. Mlamu wanga akuti iye anamupatsa oyera ngati mkaka ndipo anadzuka bwinobwino. Ndikapemphe amenewo? Nanga wodzutsa uja anali wabodza?

Kanyenya011
Kkkkk achimwene mwazungulira Joni yense pa mtengo umodzi. Dalaivala sanakulipiritseni kawiri?

Mlonda_Turffontein
Anandilipiritsa aise, kuwonjezera apo n'kundilalatira m'Chizulu. Akuti ankayesa ndaledzera.

NaBanda_Yeoville
Musaseke inu. Munthuyu akanadzukira kwina alibe nsapato ndi pasipoti yomwe. Bambo, anakulolani bwanji kutuluka nokha?

Mlonda_Turffontein
Ndisabise mayi, ndinawanamiza. Ndinati mng'ono wanga akundidikira pageti. Iye ali kuntchito ku Randburg, Lachiwiri abwana ake sangamumasule.

Sisita_Recovery
Pepani achimwene ndi zomwe zinakuonekerani, koma jakisoni uja sanali wabodza. Ine ndimagwira m'chipinda chomwe odwala amadzukiramo akachoka ku theatre. Fayilo yanu sindinaione, koma momwe mwafotokozeramu zikufanana ndi midazolam, amene kuno timangoti Dormicum. Ndi wa banja limodzi ndi diazepam, Valium uja. Amachotsa mantha, amagonetsa, komanso amafufuta. Zomwe zachitika iye ali m'thupi sizisungika m'mutu. Munthu amayankha mafunso, amatembenuka akauzidwa, amavala malaya, pambuyo pake osakumbuka olo chimodzi.

Wodzutsayo ndi flumazenil, pabotolo amalemba Anexate. Iyeyu sachotsa midazolam m'magazi ayi. Amangokakhala pamalo pomwe midazolam amagwira mu ubongo, ngati munthu amene wakulandani mpando m'basi. Pakangotha mphindi 1 kapena 2 wodwala watsegula maso. Koma wolanda mpandoyu amatsika pafupi. Chiwindi chimamuchotsa msanga, mphamvu yake imayamba kutha ola lisanakwane, pamene midazolam kuti atsike kufika theka pamafunika ola ndi theka mpaka maola 2 ndi theka. Kwa okalamba, onenepa kwambiri ndi odwala chiwindi zimaposa apo. Ndiye mwini mpando, amene anali chiimire nthawi yonseyi, amakhalanso pamalo pake. Ameneyo ndi amene anakupezani mu takisi.

Wodwala amene wadzutsidwa ndi flumazenil ife sitimuthamangitsa. Amakhala pamaso pathu mpaka maola 2, kachipangizo koyeza okosijeni kali pachala, kenako timampereka m'manja mwa munthu wamkulu amene tamuona ndi maso, osati wa pageti.

Mlonda_Turffontein
Asisita mwandiwombera pamenepo kkk. Koma ine sindinakhale maola 2. Mwina mphindi 40.

Tchona_waTheba
Malo olipirawa ndi mmene alili. Bedi likufunika kwa wina, ndiye amakubaya wodzutsa kuti uchoke msanga. Ine ndakhala kuno chiyambire 1987, ndaziona.

Sisita_Recovery
Amalume, si onse. Koma pa nkhani iyi ya mphindi 40 sindingawaikire kumbuyo. Analakwa iwo, analakwanso achimwene ponama.

Wogonetsa_waKuBoma
Ndilowepo pang'ono. Kumudzi ndinali clinical officer wogonetsa odwala pa chipatala cha boma, kuno ndikusamalira gogo wina wachizungu podikira mapepala. A Mlonda, ndikufunseni kaye: usiku wa Lolemba munagona?

Mlonda_Turffontein
Ndinali pantchito usiku wonse. Ndinaweruka 6 koloko m'mawa, ndinangosamba n'kupita. Kudya anandiletsa.

Wogonetsa_waKuBoma
Ndiye musawasenzetse mankhwala katundu yense. Zomwe anena asisita ndi zoona, koma munthu amene sanagone usiku wonse, m'mimba mulibe kanthu, midazolam wotsalira ali m'magazi, wakhala mpando wakumbuyo pamene pamatentha, angalephere bwanji kugona? Ndipo nthawi zambiri midazolam sayenda yekha chifukwa saletsa ululu. Amamuphatikiza ndi fentanyl, wa banja la morphine. Awiriwa akakumana amathandizana kufooketsa kupuma. Flumazenil alibe mphamvu pa fentanyl. Wodzutsa wa fentanyl ndi wina, naloxone, ndipo nayenso sakhalitsa m'thupi. Komanso akamadzutsa munthu amachotsa ndi mphamvu yoletsa ululu yomwe, moti wodwala amadzuka akubuula.

MayiAwiri_Cosmo
Ine anandipatsa wamkaka uja pondiunika m'mimba ndi kamera. Polowa m'dzanja umawotcha ngati wathira kambuzi mumtsempha, ndinafuna kukuwa, koma ndisanatsegule pakamwa ndinali nditapita. Podzuka mutu unali mbee, nseru panalibe, njala yokha. Ndinalota ndili ku Senga Bay. A Mlonda pemphani umenewo basi.

Sisita_Recovery
Ameneyo ndi propofol, Diprivan. Kuyera kwakeko n'chifukwa choti amamusungunula m'mafuta a soya. Kuwotcha ndi khalidwe lake, ambiri amasakaniza ndi mankhwala a dzanzi otchedwa lignocaine pang'ono kapena kusankha mtsempha waukulu wa pamkono kuti zichepe. Amagwira mphindi isanathe, ndipo akasiya kuthira munthu amadzuka pa mphindi zowerengeka. Kunena chilungamo, mwa odwala anga a tsiku limodzi, a propofol ndi amene amadzuka mwaulemu. Amapempha tiyi, safunsa funso limodzi kasanu. Akanandifunsa ine, ndikanasankha ameneyu.

Wogonetsa_waKuBoma
Apa ndisiyana nanu pang'ono asisita. Kudzuka kwake n'kokoma, sindikutsutsa. Koma muwauzenso kuti propofol alibe womudzutsa. Ukapyola muyeso palibe botolo loti uthamangire. Amatsitsa BP, amatha kuimitsa kupuma, ndipo malire pakati pa kusinza ndi kugoneratu ndi opyapyala kwambiri. Chomwe chimapulumutsa munthu pamenepo ndi manja a wogonetsa: kukweza chibwano, kuika masiki, kupopa mpweya mpaka mankhwala atatha okha. Inu mumagwira pomwe pali madokotala ogonetsa ndi zipangizo zonse. Nanga kachipinda ka pamwamba pa shopu, pomwe wocheka ndi yemweyo, wogonetsa ndi yemweyo? Ine kumeneko propofol sindingalole.

Sisita_Recovery
Kumeneko ngakhale midazolam sindingalole. Wodzutsa ameneyu ndi amene amapusitsa anthu. Amathira mowolowa manja poganiza kuti Anexate ali mu kabati.

Wogonetsa_waKuBoma
Apo tagwirizana.

Kanyenya011
Wamkakawu si uja unapha Michael Jackson?

Sisita_Recovery
Ndi womwewo, mu 2009. Koma ankamupatsa kunyumba, kuchipinda chogona, kuti apeze tulo, pamodzi ndi mankhwala ena ogonetsa, popanda kuyang'aniridwa momwe zimayenera. Zipatala zimagwiritsa ntchito propofol tsiku lililonse.

Tchona_waTheba
Zonsezi n'zambiri. Munthu ukachoka kuchipatala umwe mkaka lita imodzi, umatsuka mankhwala onse. Ku migodi tinkatero.

NaBanda_Yeoville
Amalume mkaka wanuwo ndi wa chilichonse. Poizoni mkaka, fumbi mkaka, matsire mkaka.

Sisita_Recovery
Mkaka umapita m'mimba amalume, mankhwala ali m'magazi ndi mu ubongo. Khofi nayenso sangakuthandizeni kuti muyendetse galimoto. Ntchito yochotsa ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo sizifulumizidwa. Kungomwa mkaka wambiri usanatsitsimuke bwino ukhoza kusanza.

Mnyamata_waAgalu
Ine ndimagwira kwa dokotala wa ziweto cha ku Fourways. Agalu timawagoneka ndi medetomidine, tikamaliza timabaya Antisedan, mphindi zochepa galu waimirira akugwedeza mchira. Bwanji anthu osakupatsani zomwezo?

Kanyenya011
A Mlonda pitani ku Fourways mukachotse chotupa, mukabwera mukugwedeza mchira kkkkk

Wogonetsa_waKuBoma
Musamuseke mnyamatayu, wafunsa zanzeru. Anthu ali naye m'bale wake wa mankhwala amenewo, dexmedetomidine, ena amati Precedex. Ubwino wake munthu amagona ngati tulo teniteni, ukamuitana amayankha, kupuma sikusokonekera kwenikweni. Koma amachedwetsa kugunda kwa mtima, amatenga nthawi kuti agwire, ndipo ndi wodula. Wodzutsa wake, atipamezole, amene mukuti Antisedan, ndi wololedwa pa ziweto zokha. Ndipo poti tafika ku ziweto: amene anatulukira propofol m'zaka za m'ma 1970, John Glen wa ku Scotland, anali dokotala wa ziweto.

Mnyamata_waAgalu
Mwamva a Kanyenya? Tipatseni ulemu.

Chemwali_waMayfair
Inu mukukamba za mkaka ndi madzi, ine kumudzi anandigoneka ndi ketamine nditathyoka mkono. Sindidzaiwala. Denga la theatre linasanduka chitenje, likupindika, ine ndikuyandama pamwamba ndikudziona ndekha pabedi. Podzuka akuti ndinkaimba nyimbo za kwaya mokweza, amayi anga ali pakhonde akulira poganiza kuti ndapenga.

Wogonetsa_waKuBoma
Ketamine musamunyoze chemwali, ameneyo ndi bulu wa zipatala zathu za m'maboma. Magetsi azima, silinda ya okosijeni yatha, mayi wataya magazi BP ili pansi, amene ungamudalire ndi ketamine. Munthu amapitiriza kupuma yekha, BP sigwa, ululu amaletsa kwambiri, ndipo ukasowa mtsempha umabaya pantchafu. Zoipa zake ndi zomwe mwanenazo: maloto, malovu ambiri, nthawi zina kusanza. Tinkapereka diazepam pang'ono kuti malotowo achepe, atropine wa malovu, n'kumusiya wodwala adzuke pamalo a phee osamugwedezagwedeza. Ana savutika nawo maloto ngati akulu. Wodzutsa alibe. Kwa munthu wofuna kukwera takisi masana omwewo si woyamba kumuganizira, ngakhale kuno ena amathira pang'ono pamodzi ndi propofol kuti azithandizana.

Kanyenya011
Funso lofunika: munthu ukagonekedwa umaulula zinsinsi? Ndikufunsira mnzanga.

NaBanda_Yeoville
Mnzanuyo ali ndi banja ku Kasungu ndi lina ku Tembisa eti?

Sisita_Recovery
Kkkk ambiri amangobwereza funso limodzi, "mwamaliza?" Ena amatifunsira ukwati. Zomwe tamva zimathera momwemo.

Transporter_Lilongwe
Abale amene muli ndi katundu wopita Lilongwe ndi Mzuzu ndikunyamuka Loweruka, mafiriji ndi mabedi ndikutenga. Inbox.

Admin_Achewa
A Transporter, malonda ndi Lachisanu. Tibwerere ku nkhani ya a Mlonda.

Mlendo_2020
Pepani ndalowa ndi dzina lina, ndimadziwika pagulu pano. Ine ndimamwa ma ARV. Mwezi uno akandichotsa mano awiri akumapeto ndipo ati andigoneka pang'ono. Amene akulipira ndi abwana anga, ndipo ndi amene akandiperekeze. Pafomu pali funso la mankhwala omwe ndimamwa. Ndikasiya osalemba pali vuto? Sindikufuna ntchito ithe.

Sisita_Recovery
Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Vuto likhoza kukhalapo, kutengera mtundu womwe mumamwa. Ngati muli pa TLD, piritsi limodzi lija lomwe ambiri akumwa masiku ano, sililimbana ndi midazolam. Koma ngati muli pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga Aluvia kapena atazanavir wophatikiza ndi ritonavir, nkhani ndi ina. Ritonavir amatseka njira ya m'chiwindi yomwe imaphwanya midazolam, ndi fentanyl yemwe. Muyeso woti mnzanu agone mphindi 30, inu ungakugonekeni maola, ndipo akakudzutsani ndi flumazenil mpata wogonanso ndi waukulu. Wogonetsa akadziwa amangochepetsa muyeso kapena kusankha mankhwala ena, nkhani yatha.

Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi moti midazolam amaoneka ngati wopanda mphamvu. Nayenso ngofunika kumutchula.

Za abwana anu: olipira bilu alibe ufulu woona fayilo yanu. Fomuyo musalembere pa benchi iwo ali pambali. Nenani kuti mukufuna kulankhula ndi dokotala panokha, kapena imbani foni dzulo lake. Tengani botolo la mankhwala m'chikwama mukawaonetse mkati. Ndipo musadumphe kumwa ARV chifukwa cha mano.

Mlendo_2020
Zikomo asisita. Ndi TLD. Koma ndikawauzabe ndikalowa.

Wogonetsa_waKuBoma
Powonjezera, pali anthu ena amene wodzutsa uja ndi woopsa kwa iwo kuposa wogonetsa. Munthu amene amamwa diazepam kapena mapiritsi ena a banja limenelo tsiku ndi tsiku, kaya a tulo, kaya a nkhawa, kaya a khunyu, thupi lake linazolowera. Ukamubaya flumazenil uli ngati wamulanda zonse nthawi imodzi, akhoza kugwa khunyu pompo. N'chifukwa chake amathira pang'onopang'ono, kuyamba ndi 0.2 mg, kudikira, kuona. Amowa tsiku lililonse nawonso anene. Ife sitifunsa kuti tikakuneneni kwa abusa.

NaBanda_Yeoville
Apa mwandikumbutsa. Apongozi anga amamwa timapiritsi ta tulo tomwe amagula kwa munthu wina ku Hillbrow, dzina lake sitilidziwa, timabwera mu kapepala. Ali pa mndandanda wa opaleshoni ya ng'ala.

Sisita_Recovery
Tengani timapiritsito mupite nato ku pharmacy kapena ku kiliniki akatione. Asasiye mwadzidzidzi okha. Ng'ala kawirikawiri amachita ndi mankhwala ochititsa dzanzi m'diso, koma wogonetsa adziwebe.

Tchona_waTheba
Ine ndimadabwa ndi zoletsa kudya. Munthu ukupita kokachekedwa umafunika mphamvu. Nsima pang'ono ingalakwe chiyani?

Wogonetsa_waKuBoma
Amalume, munthu akagona ndi mankhwala, chitseko cha pakhosi chimalekerera. Nsima ija ikabwerera imalowa m'mapapo. Ndinaziona kumudzi, gadiyani atamumvera chisoni wodwala n'kumupatsa phala mobisa. Lamulo lodziwika ndi maola 6 osadya, madzi oyera mpaka maola 2 isanakwane nthawi. Tiyi wothira mkaka amawerengedwa ngati chakudya.

Mlonda_Turffontein
Ndawerenga zonse. Tsono ndikapemphe chiyani? Asisita akuti mkaka, a Wogonetsa akuti mkaka ulibe wodzutsa. Mutu wanga wazungulira kuposa mu takisi muja.

Wogonetsa_waKuBoma
Dzina la mankhwala musapite nalo ngati mukukagula sopo. Kafunseni kuti wogonetsa akhala ndani, ndipo kodi ndi munthu wina wosiyana ndi wocheka, woti ntchito yake ndi kuyang'ana kupuma kwanu basi. Bungwe la madokotala ogonetsa la kuno, SASA, lili ndi malangizo a zimenezi, malo abwino sadabwa mukafunsa. Akakhalapo woteroyo, propofol ndi wabwino ndithu, asisita sananame. Muwauzenso zomwe zinachitika ulendo watha.

Koma ine funso langa ndi lina. Chapamsanacho n'chachikulu bwanji? Chotupa chamafuta chaching'ono, chosazama, timachotsa ndi jakisoni wa dzanzi yekha, lignocaine, munthu ali maso akucheza. Kumudzi ndi mmene tinkachitira zambiri. Mtengo umatsika, kusala kudya nthawi zambiri sikufunika, ndipo mutu umakhala wanu potuluka.

Mlonda_Turffontein
N'chonga dzira la nkhuku. Paja ulendo woyamba anandifunsa, ine ndi amene ndinati andigoneke. Ndimaopa kuona mpeni.

Kanyenya011
Mlonda wa usiku ku Joni kuopa mpeni! Komanso chili pamsana achimwene, muuona bwanji? Muli ndi maso kumbuyo?

MayiAwiri_Cosmo
Musiyeni, mantha alibe mwamuna. Ine phokoso la zitsulo zija lokha limandikwanira.

Sisita_Recovery
Kukula ngati dzira wocheka ndi amene angaone ngati dzanzi lokha likwanira, zimatengera kuzama kwake. Mukasankha kugona, maola 24 otsatira musayendetse galimoto, musamwe mowa, musasaine chilichonse, musatumize ndalama kumudzi, ndipo usiku umenewo musapite kukalondera. Usiku wa dzulo lake mugone kunyumba. Pemphani masiku awiri kuntchito, adokotala akulemberani kalata.

Mlonda_Turffontein
Ndawaimbira. Nesi wawerenga fayilo, akuti anali Dormicum ndi fentanyl, wodzutsa Anexate. Asisita ndi a Wogonetsa munalasa. Nditawauza za takisi anakhala chete kaye, kenako akuti ndibwere Lachinayi adokotala akaone chotupacho tikambirane za dzanzi. Akutinso ulendo uno wondiperekeza akalowe mkati asaine yekha, za pageti sakufunanso kumva.

NaBanda_Yeoville
Tsiku la opaleshoni likadziwika mutiuze. Bambo a kunyumba Lachitatu sagwira ntchito, akhoza kukutengani pa galimoto.

Mlonda_Turffontein
Zikomo kwambiri mayi, ndiyesetsa kuti andiike Lachitatu. Petulo ndithira ine.

Kanyenya011
Foni muikebe mu sokosi.

Transporter_Lilongwe
Admin, lero ndi Lachisanu. Malo a firiji imodzi atsala.